Barn: nyumba ya barele yomwe kwathu inasanduka balani ya fodya

Mlimi wa fodya ku Kasungu akati balani amatanthauza nyumba yaitali ya njerwa, yokhala ndi ng'anjo kunja ndi mapaipi a moto mkati. Mlimi wa ku Wisconsin, m'dziko la America, akati barn m'mutu mwake muli ng'ombe za mkaka pansi ndi udzu wouma pamwamba. Ku England liwu lomweli limatchula chinyumba chakale chosungiramo tirigu, chomwe mwina lero anachikonza n'kukhala nyumba yogona anthu a ndalama. Ndiye palinso akatswiri a sayansi ya maatomu, omwe kwa iwo barn si nyumba ayi koma muyeso.

Chimene chimasokoneza omasulira ndi ophunzira n'chakuti liwuli silinena za maonekedwe a nyumba. Limatsata mbewu. Kulikonse kumene olankhula Chingerezi anakafika, nyumba yomwe inkalandira zokolola zawo zofunika kwambiri ndi imene inatenga dzinali. Ndipo ngakhale nyumbazi zimasiyana kutalitali, nkhondo imene zimamenya ndi imodzi, yolimbana ndi chinyezi pogwiritsa ntchito mpweya.

Kumene liwuli linachokera

M'Chingerezi chakale, chomwe chinkalankhulidwa ku England kuyambira cha m'ma 450 mpaka cha m'ma 1100, munali mawu awiri: bere, kutanthauza barele, mbewu yofanana ndi tirigu, ndi ærn, kutanthauza nyumba kapena malo osungira zinthu. Atawalumikiza anapeza bereærn, nyumba ya barele. Pakamwa pa anthu liwulo linafupika, linakhala berern, kenako bern. Cha m'ma 1400 Angerezi anayamba kutchula er ngati ar m'mawu ambiri. Kusintha komwe kunasandutsa sterre kukhala star ndi derk kukhala dark ndi kumene kunasandutsanso bern kukhala barn.

Bere yemweyu ali m'liwu la barley, komanso m'dzina la Barton, lomwe ndi dzina la midzi yambiri ku England ndipo poyamba linkatanthauza bwalo kapena munda wa barele. Barele ndiye anapatsa nyumbayi dzina chifukwa anali mbewu ya aliyense: ankaphikira phala, ankapangira buledi wa anthu wamba, ankafululira mowa.

Munthu amene wapita ku Sweden, Norway kapena Denmark asadabwe kuona barn atalembedwa pakhomo la sukulu ya mkaka. Kumeneko barn ndi mwana, ndipo liwulo n'lachibale ndi bairn la ku Scotland. Linachokera ku tsinde lina, lotanthauza kunyamula kapena kubereka, ndipo silikhudzana ndi barele. Zangofanana zilembo, monga mmene balani ya fodya yangofananira ndi "balani" wa kubala.

Mmene barn ya ku England inkagwirira ntchito

Ku England amakolola cha mu Ogasiti, ndipo mvula ikhoza kugwa tsiku lililonse. Kupunthira panja kunali kosadalirika. Choncho ankamweta tirigu ndi barele ndi mapesi omwe, kumanga mitolo, kututira m'nyumba, n'kumapuntha pang'onopang'ono nyengo yonse yozizira.

Nyumbayo inkakhala ndi zigawo zitatu. Pakati panali popunthira, poyalidwa matabwa olimba kapena miyala. Mbali ziwirizo n'zimene ankaunjikamo mitolo, ndipo mapesi opunthidwa kale ankatenga malo amene atsala. Popunthirapo panali zitseko ziwiri zazikulu zoyang'anizana. Nthawi zambiri chimodzi chinali chachitali kuti ngolo yodzaza ilowe, chinacho chachifupi popeza ngolo inkatuluka yopanda kanthu. Koma ntchito yaikulu ya zitsekozi inali kuitana mphepo. Akazitsegula zonse ziwiri, mphepo inkadutsa pakati, ndipo wouluza ankaponya mbewu m'mwamba, mankhusu n'kuuluka, njere n'kugwa pansi. Pakhomo ankaimika thabwa lalifupi kuti njere zisatayikire panja ndiponso nkhuku zisalowe.

M'makoma ankasiya timipata titalitali, topapatiza kunja ndi kutambasuka mkati, kuti mpweya uzilowa koma mvula ayi. Pamwamba penipeni pa khoma ankasiyanso dala chibowo cholowera kadzidzi. Kwathu mbalameyi ikalira padenga ena sagona tulo, koma mlimi wa ku England ankaiitana yekha kuti izimudyera makoswe ndi mbewa. N'chifukwa chake kadzidzi wa nkhope yoyera, yemwe ku Malawi kuno aliponso, m'Chingerezi amatchedwa barn owl.

Apa pali kusiyana kumene womasulira ayenera kukusamala. Njere zopunthidwa kale sizinkakhala mu barn. Zinkapita ku kanyumba kena kotchedwa granary, komwe kankakhazikidwa pa miyala yosemedwa ngati bowa kuti makoswe akakwera mwendo wa mwalawo azikakanika pa chipewa chake. Kanyumba kameneka ndiko kali pafupi ndi nkhokwe yathu, yomwenso imakwezedwa pa miyendo ndipo ena amaiveka malata otchinga makoswe. Komabe pa Luka 12:18, m'fanizo la mwini chuma wopusa, pamene Mabaibulo ambiri a Chingerezi ali ndi barns, Chichewa chili ndi nkhokwe, ndipo pamenepo omasulira analondola, chifukwa nkhani yake ndi ya kusunga dzinthu. Kulakwa kumabwera munthu akatenga nkhokwe n'kuiika paliponse pamene waona barn, ngakhale pamene mkatimo muli akavalo.

Zina mwa nyumbazi zinali zikuluzikulu kwabasi, makamaka za nyumba za amonke, za makoleji, ndi zolandirira chakhumi cha tchalitchi. Ya ku Harmondsworth, pafupi ndi bwalo la ndege la Heathrow, inamangidwa cha mu 1426, ndi yotalika mamita pafupifupi 58, ndipo idakalipo. Ntchito ya nyumba zotere inayamba kutha Andrew Meikle wa ku Scotland atapanga makina opunthira mu 1786. Lamulo la mu 1836 linasandutsa chakhumi cha mbewu kukhala ndalama, ndipo makina okolola ndi kupuntha nthawi imodzi atafala itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, panalibenso mitolo yoti n'kututira m'nyumba.

Ku America: ziweto pansi, udzu pamwamba

Ku Britain ng'ombe zinali ndi khola lake ndi dzina lake, akavalonso chimodzimodzi. Ku America ndi ku Canada, komwe chisanu chimakhala miyezi yambiri, alimi anasonkhanitsa zonse pansi pa denga limodzi, ndipo liwu la barn linakula n'kuyamba kutanthauzanso khola. Linafika mpaka m'tauni, moti nyumba yogonamo matiramu ankaitcha car barn. Utoto wofiira umene umaoneka pa zithunzi sunayambe ngati chokongoletsa. Unali wotsika mtengo, wosakaniza mafuta a mbewu ya fulakesi ndi dothi lofiira la dzimbiri la chitsulo, ndipo unkateteza matabwa kuti asaole.

Ngozi yaikulu ya nyumba yotere ndi moto woyamba wokha mu udzu wosungira ziweto, ndipo chodabwitsa n'chakuti umayambitsidwa ndi madzi. Udzu ukamangidwa uli ndi chinyezi choposa 20 peresenti, tizilombo tosaoneka ndi maso ndi nkhungu zimayamba kuudya n'kumatulutsa kutentha. Mulu waukulu sutaya kutentha kumeneku. Kukafika cha pa madigiri 65 mpaka 70 a Celsius tizilomboto timafa, koma udzu umakhala utayamba kale kupserera wokha mkati, ndipo kutentha kumangokwera. Mabelo akuluakulu amafuna udzu wouma kuposa apa, wa chinyezi cha 16 mpaka 18 peresenti, chifukwa ndi othinana.

Nthawi yoopsa ndi masabata 6 oyambirira. Poyeza, amalowetsa paipi pakati pa mulu n'kutsitsiramo choyezera kutentha, kapena kubaya chitsulo chachitali n'kuchisiya mphindi 15 mpaka 20. Chitsulo chikatuluka chosagwirika ndi dzanja, zinthu zaipa. Pansi pa madigiri 50 palibe chodetsa nkhawa. Pa 65 muziyeza kawiri pa tsiku. Pa 80 itanani ozimitsa moto, ndipo musaphwasule mulu iwo asanafike ndi madzi, chifukwa chomwe chikuletsa malawi panthawiyo ndi kusowa kwa mpweya. Mukaufukula, mwaupatsa mpweyawo. Musayendenso pamwamba pake popanda matabwa, popeza mkati mumakhala mutapsa mphako. Alimi a ng'ombe za mkaka kwathu amene amasunga udzu kapena masangwe a mtedza m'nyumba adziwe kuti lamuloli n'lomwelo.

Balani ndi chigafa

Ku Virginia ndi ku North Carolina mbewu yaikulu inali fodya, ndiye barn inakhala nyumba yoyanikiramo ndi kuumitsira fodya. Tanthauzo limeneli ndi lomwe linafika kuno. Nyasaland inayamba kutumiza fodya kunja mu 1893, ndipo kampani ya Imperial Tobacco inatsegula fakitale ku Limbe mu 1908. Ogwira ntchito m'maesiteti analitenga liwulo n'kulikonza kuti ligwirizane ndi lilime lathu, lomwe silimaliza liwu ndi konsonanti. Chichewa chinatenga tanthauzo limodzi lokha. Palibe amene amatcha khola la ng'ombe kapena nkhokwe kuti balani.

Chingerezi chimatcha barn nyumba zonse za fodya, koma Chichewa chimasiyanitsa. Fodya wa bale, yemwe alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima kuyambira mu 1990, amauma ndi mpweya m'chigafa: mphanda, mitanda, denga la udzu, mbali zosatseka. Masamba osokedwa amapachikidwa pa mikangala ndipo amatenga masabata 3 mpaka 6 malinga ndi nyengo. Amafuna chinyezi cha mumpweya cha pakati pa 65 ndi 70 peresenti. Mvula ya mvumbi ikakhalitsa masiku awiri kapena atatu fodya ali wothinana, masamba amayamba kuola, kuda ndi kuthothoka, ndipo mankhwala ake ndi kutalikitsa mikangala kuti mphepo idutse. Kukachita mphepo youma m'sabata yoyamba, tsamba limauma lisanasinthe mtundu n'kutsala lobiriwira kapena la mawangamawanga achikasu, ndipo pamenepo mumatchinga mbali yochokera mphepo ndi mipanda ya udzu. Chigafa chotambalala kwambiri chimaoletsa fodya wapakati, n'chifukwa chake ndi bwino kuchitalikitsa kusiyana ndi kuchikulitsa m'mbali. Pepala la pulasitiki lotchingira mvula padenga likayamba kufumbutuka lichotsedwe msanga, popeza tizidutswa take tikapezeka m'belo ku okushoni, belo limabwezedwa. Bungwe la ARET, lofufuza ndi kulangiza za ulimi wa fodya, limalimbikitsa zigafa zamoyo, zomwe mphanda zake ndi mitengo yodzalidwa m'mizere pamalo pomwepo, kuti mlimi asamadule mitengo chaka ndi chaka.

Fodya wa chikopa amafuna utsi, ndiye moto wonyeka pang'onopang'ono umasonkhedwa pansi m'nyumba momwemo. Balani ya mapaipi ndi yosiyana kotheratu. M'menemo utsi ndi mdani. Moto umayaka m'ng'anjo, kutentha kumayenda m'mapaipi oyalidwa pansi, utsi n'kutulukira ku chumuni osakhudza tsamba. Balani wamba ya mlimi wamng'ono imakhala mamita 4 kapena 5 mbali zonse, ndipo msinkhu wake umaposa pamenepo pang'ono. Imakhala ndi mazenera a mpweya m'munsi ndi ena padenga.

Tsamba lothyoledwa kumene ndi madzi okhaokha, oposa 80 peresenti. Pa makilogalamu 1,000 a fodya wamuwisi mumatsala 150 mpaka 200 okha, kutanthauza kuti malita oposa 800 a madzi ayenera kutuluka kudzera m'mazenera a padenga m'masiku 6 mpaka 8. Luso lonse lagona pa kudziwa nthawi yowasunga madziwo ndi nthawi yowatulutsa.

Zimayambira pa kalongedwe. Fodya akhale wa kupsa kofanana, wothyoledwa pa msinkhu umodzi wa tsinde, ndipo balani idzaze tsiku limodzi. Mukasakaniza wa dzulo ndi wa lero, wina adzafuna moto pamene mnzake akufunabe chinyezi. Mukathinitsa, mpweya umazemba pothinapo n'kudutsa m'mbali, pakati n'kuola.

Gawo loyamba ndi losandutsa tsamba chikasu. Mazenera amakhala otseka, kutentha kumayambira pa madigiri 32 mpaka 35 n'kukwera pang'ono kufika 38, kwa maola 36 mpaka 48. Panthawiyi tsamba likadali moyo. Kubiriwira kukutha ndipo sitachi ikusanduka shuga, yemwe ndi amene ogula amamufuna mu fodya wa mtundu umenewu. Mukafulumira kukweza moto, tsamba limafa likadali lobiriwira, ndipo kubiriwira kumeneko sikudzachokanso. Mpweya ukauma msanga thirani madzi pansi kapena yalani masaka onyowa.

Apa ndi pofunika zoyezera kutentha ziwiri, china chouma, china chokulungidwa kansalu komwe nsonga yake yaviikidwa m'madzi. Chonyowacho chimasonyeza kutentha kumene tsamba lonyowa likumva. M'gawo loyamba ziwirizi zisiyane ndi digiri imodzi kapena awiri okha. Zipachikeni pa mzere wa m'munsi wa fodya, kutali ndi chitseko.

Gawo lachiwiri ndi limene limagwetsa alimi ambiri. Tsamba likafika chikasu chomwe mukufuna, mumatsegula mazenera pang'onopang'ono n'kumakweza kutentha digiri imodzi pa ola, osaposa apo. Pa madigiri 43 mpaka 48 imani kaye mpaka masamba afote bwinobwino. Kenako kwerani kufika 54 mpaka 57 ndipo mukhale pamenepo mpaka thupi lonse la tsamba liume. Choyezera chonyowa chisapitirire 40 kapena 41. Chikakwera, musachepetse moto poyamba, tsegulani mazenera. Chifukwa chake n'chakuti tsamba lomwe likadali ndi madzi ambiri likatenthedwa kupitirira madigiri 50, timaselo take timaphulika, timadzi ta mkati n'kukumana ndi mpweya, ndipo m'kanthawi kochepa limasanduka lofiirira ngati nthochi yosenda yomwe yakhalitsa. Limakhala laphikidwa m'malo mouma. Balani yonse ikhoza kutsika giredi usiku umodzi chifukwa wosonkhezera anawonjezera zikuni ziwiri kuti akagone.

Gawo lachitatu ndi loumitsa mtsempha waukulu wa pakati pa tsamba. Kutentha kumakwera kufika 68 mpaka 72, mazenera n'kumatsekedwa pang'onopang'ono kuti nkhuni zisawonongeke. Kupitirira 74, shuga amapserera ndipo tsamba limafiira. Moto ukazilala pakati pa gawoli, madzi a mu mtsempha amabwerera m'tsamba louma kale n'kusiya mizere yakuda m'mbali mwake. Mtsempha wouma umathyoka kuti thyo. Umene ukungopindika udzachititsa nkhungu m'belo. Yesani masamba a m'makona ndi a pafupi ndi makoma, osati apakati okha.

Mabalani ambiri amapsa m'gawo limeneli, fodya atauma ndipo mapaipi atafiira. Tsamba limodzi logwera pa paipi ndi lokwanira. Waya wa sefa woyalidwa pamwamba pa mapaipi, makamaka pafupi ndi ng'anjo, amateteza zimenezi. Nyengo isanayambe yatsani moto balani ili yopanda kanthu, mutseke chitseko, muone pomwe utsi ukutulukira, ndipo mumate molumikizira monse ndi dothi.

Fodya wotuluka m'moto amafumbutuka mukamugwira. Zimitsani moto, balani izizire, mutsegule zitseko usiku kuti chinyezi chilowe, kapena muthire madzi pansi. Wakonzeka kutsitsidwa pamene tsamba likufinyika m'dzanja osasweka koma mtsempha ukadali wothyoka.

Vuto losatha la balani ndi nkhuni. Ng'anjo yopanda chitseko, makoma ong'aluka ndi nkhuni zaziwisi zimadya mitengo yambiri pachabe. Mtundu wotchedwa rocket barn, womwe unayesedwa ndi kukonzedwa ku Malawi konkuno, uli ndi ng'anjo yotsekeka bwino ndi chumuni chachitali chokoka mpweya, ndipo umatha kuchepetsa nkhuni pafupifupi ndi theka.

Barn ya asayansi

Mu Disembala 1942, akatswiri awiri omwe panthawiyo anali pa yunivesite ya Purdue ku America, Marshall Holloway ndi Charles Baker, omwe ankagwira nawo ntchito yachinsinsi yopanga bomba la atomu, ankafuna dzina la muyeso wina waung'ono zedi. Muyesowo ndi 10⁻²⁸ ya sikweya mita, ndiye kuti mukalemba 0 ndi kadontho, mutsatize maziro 27 kenako 1. Ndi pafupifupi kukula kwa nkhope ya phata la atomu ya yureniyamu. Kwa ife ndi kanthu kosaganizirika, koma kwa anthu amene ntchito yawo inali kulasa phata la atomu ndi tinthu totchedwa manyutironi, chandamale chotere chinali chachikulu. Anthu a ku America amanyoza munthu wosadziwa kulasa ponena kuti angaphonye ngakhale khoma la barn, ndipo dzina la barn linakhazikika pa muyesowo.

Muyesowu kwenikweni umanena za mwayi woti nyutironi igundane ndi phata n'kuchitika kanthu, ndipo mwayiwo sulingana ndi kukula kwenikweni kwa phatalo. Umasinthanso ndi liwiro la nyutironi. Yureniyamu-235 ali ndi mabarn pafupifupi 585 a kugawanika akakumana ndi nyutironi yoyenda pang'onopang'ono, koma kwa yothamanga kwambiri amangokhala ndi barn imodzi kapena awiri. Ichi ndicho chifukwa chake m'ng'anjo za nyukiliya, momwe amagawiramo maatomu a yureniyamu kuti atulutse mphamvu, amaikamo madzi kapena girafaiti kuti manyutironi achepetse liwiro. Boroni-10 amameza manyutironi ndi mabarn pafupifupi 3,800, choncho amamuika m'ndodo zochepetsera mphamvu ya ng'anjo. Ku CERN, malo ofufuzira za maatomu a ku Geneva, kuchuluka kwa kugundana kumene makina awo achita amakuwerengera pa muyeso wochokera ku femtobarn, komwe ndi kagawo kamodzi ka barn itagawidwa ka 10¹⁵.

Wamkulu pa onse ndi zenoni-135, mpweya umene umabadwa m'ng'anjo momwemo yureniyamu akamagawanika. Iyeyu ali ndi mabarn pafupifupi 2.6 miliyoni. Mu Seputembala 1944 ng'anjo ya nyukiliya yoyamba yaikulu ya ku Hanford, m'boma la Washington, inayaka bwino, patapita maola ochepa inazima yokha, kenako inadzukanso yokha tsiku lotsatira. Zenoni ankachuluka n'kumeza manyutironi, ndipo akatha mphamvu ng'anjo inkayambiranso. Asayansi anali atawerengera kuti machubu 1,500 a yureniyamu akwanira, koma mainjiniya a kampani ya DuPont anali ataumirira kuwonjezera ena 504. Atadzaza machubu onse 2,004, ng'anjoyo inapeza manyutironi okwanira kugonjetsa zenoni ndipo inayamba kugwira ntchito mosalekeza.